Mwala wa Apongozi pa Lole Yosiya Utsi

Lole yanga imadya oyilo. Ndinaigula ikudya kale, ndipo amene anandigulitsa sanabise. Anangoti, "Muziipatsa, iziyenda." Ndi ya matani atatu, ndipo ndi yaikulu kwa mwana wanga woyamba, amene pano ali pabanja. Ntchito yake ndi kututa mpunga kwa Maganga kupita nawo pa boma la Salima. Ikadutsa pamsewu, fumbi limayamba kukhazikika, utsi n'kutsalabe.

Zaka ziwiri zapitazo apongozi anga aamuna anamwalira kwawo, cha ku Bolero m'boma la Rumphi. Mkazi wanga, mayi a Tamanda, amene ndi mphunzitsi kuno ku Salima, anatsogola pa basi. Ine ndinatsatira pa lole nditanyamula chimanga ndi nkhuni. Oyilo amene tinatenga anatithera ku Dwangwa, ndipo tinafika anthu akuchokera kumanda. Mng'ono wa malemu, a Mhango, anandiyang'ana, n'kuyang'ana lole, n'kufunsa kuti, "A mkamwini, mwabwera kudzanyamula mipando?" Kuyambira tsiku limenelo moni wathu unali wa mawu awiri.

Chaka chino banja linagwirizana zomanga chiliza. Pogawana ntchito, ndinapempha ndekha kuti mwala wolembapo dzina ndiupangitse ku Salima ndi kukaufikitsa. A Mhango anayankha pa foni kuti mwambo ndi Loweruka 9 koloko m'mawa, choncho mwala ufike Lachisanu dzuwa lisanalowe, kuti mmisiri auimike ndipo simenti agone atagwira. Kenako anawonjezera kuti, "Lachisanu la sabata yomweyo."

Mayi a Tamanda asananyamuke Lachitatu anandipempha chinthu chimodzi.

"Bambo a Tamanda, kukakhala amayi a mpingo atavala zoyera. Lole yanuyo isakawafukize."

"Ndikaizimitsire kutali?"

"Ayi. Muichize."

Kuchiza kwenikweni n'kumasula injini ndi kuika maring'i atsopano. Zimenezo zimafuna masabata, ine ndinali ndi tsiku limodzi ndi theka. Ndinapita kwa makaniko wina wa pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa depoti. Anamvetsera injini atapendeketsa mutu, kenako n'kuweruza.

"Madala, injini iyi yakalamba, mipata yakula. Oyilo amene mumathirayu ndi madzi, amangodutsa n'kukapsa. Nkhalamba simuipatsa tiyi. Mumaipatsa phala."

Anakhutula oyilo yense wakale n'kuthira wolimba, amene iwo amati wa 50. Pamwamba pake anawonjezera botolo la oyilo wa mugiya bokosi, "kuti phalalo ligwire." Ndinafunsa ngati zimenezi n'zololedwa. Anati kutentha kwa Salima kumasungunula chilichonse. Sindinamuuze kumene ndimapita, ndipo iye sanandifunse. Anandisakanizira wina m'chigubu woti ndinyamule. Ataliza injini, utsi unatuluka pang'ono, n'kuchepa, n'kusiyiratu. Tinaima awiri kumbuyo kwa lole tikuyang'ana ekizozi ngati tikudikira mbewa pa una. Sikunatuluke kanthu.

Woyendetsa lole yanga ndi Che Jafali, a kunyanja konkuno, akulu kwa ine ndi zaka zingapo. Lole imeneyi anayamba kuyendetsa ili kwa mwini wake woyamba, moti ndinganene kuti ndinawagulira limodzi. Tsiku la makaniko kunalibe, anali ku ukwati wa mphwawo.

Lachisanu kukucha tinakweza mwala, amuna anayi. Tinaugoneka pa matiresi akale, n'kuufunditsa bulangeti, n'kuumanga ndi malegeni. Suti yanga ndinaipachika mkati. Che Jafali anati Bisimila, analiza injini, n'kuyang'ana pa galasi lam'mbali. Anapukuta galasilo ndi mkono, n'kuyang'ananso. Kenako anatsika, anazungulira kumbuyo, n'kubwerera.

"Bwana, utsi uli kuti?"

Ndinawafotokozera za phala, monyadirako pang'ono. Titakhotera msewu wa ku Nkhotakota anayamba kundifunsa.

"Bwana, dipisitiki ya galimoto ino mukudziwa kuti inatayika?"

Ndinkadziwa. Chitsulo choyezera oyilo chimenecho chinasowa kalekale, ndipo pabowo pake timatseka ndi kamtengo.

"Nanga kagetsi ka oyilo?"

Nakonso ndinkakadziwa. Kamayaka nthawi zonse, ndiye tinakamata ndi tepi.

"Ndiye mukuganiza kuti oyilo ndimamuona bwanji ine?"

Apa sindinadziwe. Zaka zonsezi ndinkangogula oyilo, iwo n'kumathira.

"Utsi ukamatuluka wambiri, oyilo alimo. Ukayamba kuchepa, ndimaima n'kuthira. Geji yanga ndi imeneyo. Inu mwandichotsera geji."

"Koma makaniko wadzaza dzulo lomweli."

"Dzulo. Nanga pano? Mwina alimo, mwina akudontha pansi, mwina watha. Galasili likunena kuti watha."

Anayendetsa pang'onopang'ono ngati tanyamula mazira, maso theka pamsewu, theka pa galasi.

Pa Khombedza tinaima. Linali tsiku lopanda msika, koma a kabaza analipo pamthunzi pawo. Lole yanga amaidziwa ikadali kutali, ndiye tsiku limenelo inawafikira mwadzidzidzi.

"Che Jafali, mwagula ina?"

"Ayi ndi yomwe ija, yasiya fodya!"

"Yalapa! Lamulungu ibatizidwa."

Che Jafali anatsika. Anapita kwa wokonza njinga n'kubwera ndi waya wa bureki. Tinadikira kuti oyilo atsike, anazula kamtengo kaja n'kulowetsa waya. Anatuluka ndi oyilo wofika zala ziwiri. Ndinati timange ulusi pamenepo, chikhale chizindikiro chathu, poti sitinayende mtunda wautali chidzazireni. Ndinaona kuti ndi nzeru yabwino. Che Jafali analowetsanso waya kuti atsimikize, ndipo anatuluka ndi zala zinayi. Kachitatu anatuluka wouma. Waya wa bureki amapinda, ndipo m'katimo amadzisankhira njira.

"Ndiye zoona ndi ziti?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa, bwana. Wayayu ndamudziwa lero."

Anati pokayika n'kwabwino kuthirako pang'ono. Oyilo wolimba sathirika msanga. Amafika pakamwa pa chigubu, n'kuima, n'kuganiza kaye.

Tikudikira choncho, kunabwera mayi wina ndi madengu awiri a usipa wouma. Anati ndi Nachisale, akupita ku Dwangwa, ndipo minibasi yawakana chifukwa cha fungo. Ndinati sitinyamula matola lero. Anati iwo si matola, ndi munthu. Tinagwirizana kuti alipira mbale ya usipa, ndipo anakwera kumbuyo.

Pa Benga tinaimanso. Waya anati zala zitatu, kenako chimodzi. Che Jafali anathirako pang'ono. Nachisale anasuzumira ali pamwamba.

"Achimwene, matiresi anuwa ndi olimba bwanji? Msana wanga watha."

"Mwatsamira chiliza, mayi."

Anayang'ana pamene anatsamirapo.

"Mwini wake alimo?"

"Ayi, anatsogola."

Anatsika mofulumira kuposa mmene anakwerera, n'kukutumula chitenje.

"Ine ndimadya chinangwa pamenepo! Bwanji osanena?"

"Simunafunse."

Ndinaganiza kuti atsala, koma anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pakati pa ine ndi Che Jafali. Madengu anawasiya kumbuyo, anati usipa ulibe mantha. Fungo lokha ndi limene linabwera nawo, ndipo linapeza suti yanga ili pomwepo.

Pakati pa Benga ndi Nkhotakota tinaima kawiri. Kuima kulikonse kunali kofanana: kuzimitsa, kudikira, waya, kukayika, kuthira. Paulendo wachiwiri Nachisale anandifunsa motsitsa mawu, ngati ofunsa za wodwala ali pomwepo.

"Galimotoyi ili ndi shuga? Ikungopatuka paliponse."

"Ikuyezedwa," ndinatero.

"Amuna anga analinso choncho. Ankawayeza mpaka anapita."

Che Jafali anawapempha kuti asalankhule zotero injini ikumva.

Tinafika pa Nkhotakota dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ndinawerengera kuti tidzakhala titadutsa Chintheche. Linali Lachisanu. Ine ndi Che Jafali tinagwirizana kalekale kuti swala ya Ijumaa siikambirana, ndipo sindinaone kuti tsiku loyamba kuikambirana likhale limene tikufuna thandizo la kumwamba. Anaimika lole pamthunzi, anasamba, n'kulowa mumzikiti. Nachisale anapita kukafunsa mitengo ya usipa pamsika. Ine ndinakhala pa sitepe ya lole ndikulondera mwala woti amuna anayi amaunyamula movutika.

Foni inalira. Anali mayi a Tamanda.

"Muli pati?"

"Pa Nkhotakota."

Kunamveka nkhuku ndi mawu a anthu ambiri kumbuyo kwawo.

"Mmisiri wafika kale. Mchenga wasefa."

"Utsi wasiya," ndinatero.

"Chabwino," anatero, n'kudula.

Che Jafali anatuluka nkhope ili yowala. Anati injini aipempherera, ndipo Inshallah tifika. Kenako anatenga waya.

Tisanalowe Dwangwa tinapeza mzere wa magalimoto. Mlatho wina ankaukonza, ndipo njira yodutsira inatsikira mumtsinje wouma. Lole ya nzimbe inali itatitimira pakati penipeni. Amuna ankatsitsa nzimbe kuti ipepuke, ndipo anthu a m'minibasi ankathandiza kuipepukitsa ndi mano. Tinakhala pamenepo kuposa ola. Munthu wina wa jekete lachikopa ankauza dalaivala kuti abwerere m'mbuyo, wina wa chipewa ankati apite kutsogolo, ndipo dalaivala mwini wake anali pansi pa mtengo akudya nthochi. Itatuluka, tonse tinadutsa mmodzimmodzi. Ine ndinayenda pansi pambali pa lole, dzanja lili pa bulangeti, ngati kuti mwala ukaganiza zogwa ndiuletsa.

Nachisale anatsikira pa Dwangwa. Anatipatsa mbale ya usipa ija, n'kuwonjezera dzanja lina.

"Awa ndi a mwini mwala. Mukawapepese, ndinawakhalira osadziwa."

Titangotuluka m'tauni tinafika pamtengo wa mkuyu pamene oyilo anatithera zaka ziwiri zapitazo. Che Jafali anangopatuka, n'kuzimitsa, n'kuthirako osayeza n'komwe.

Anthu amati njira ya Tukombo, Kande ndi Chintheche ndi yokongola. Ine ndinaona waya. Pofika pamphambano ya ku Nkhata Bay kunali kutada, chigubu chili pafupi kutha, ndipo utsi unali usanaonekebe. Mtunda wokwera ku Mzuzu tinauyenda pa giya yachiwiri ndi getsi limodzi. Maso a Che Jafali sagwira bwino ntchito mumdima, ndipo sabisa. Tinagwirizana zogona pa resitihausi ina pa Mzuzu ndi kulawira. Kuchokera pamenepo kukafika ku Bolero ndi maola awiri ndi theka pa lole yathu. Ndinaimbira a Mhango.

"Tafika pa Mzuzu. Tifika 7 koloko m'mawa."

"Mwatero," anatero.

Unali mwezi wa July. Ine ndinabadwira kwa Maganga, Che Jafali m'mphepete mwa nyanja. Kwathu kuzizira ndi pamene munthu watseka zenera. Loweruka m'mawa tinatuluka 5 koloko isanakwane n'kupeza chifunga choti lole tinaipeza ndi manja. Che Jafali anali atadzikulunga ndi nsalu imene amaswalirapo. Ine ndinavala suti yonse, fungo la usipa ndi zonse.

Anapotokola kiyi. Injini inati uwuu, ngati munthu wodzutsidwa asanafune. Anapotokolanso. Uwuu wachiwiri unali waufupi. Kachitatu kunangomveka kuti the.

Che Jafali anatenga chigubu chija n'kuchizondotsa, chosatseka. Oyilo wotsalayo sanasunthe. Anali ngati chiponde.

"Bwana, phala lanu lasanduka mkute."

Mlonda wa pa resitihausi anali akutiyang'ana. Anali bambo wachikulire wovala jasi lofika m'mawondo ndi chipewa chongoonetsa maso. Anabwera osafulumira.

"Mwachokera kunyanja?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Nsapato za patapata," anatero akuloza Che Jafali. "Mwathira chiyani?"

Ndinawauza. Nditafika pa oyilo wa mugiya bokosi, anavula chipewa kuti andione bwino. Anati iwo anayendetsapo malole a matabwa ku Chikangawa zaka zambiri, ndipo oyilo wotere kuno m'nyengo yozizira injini siingathe kumutakasa. Anatenga kachitsulo kowongoka kamene amakolezera moto, anakapukuta, anazula kamtengo kathu n'kukalowetsa. Kanatuluka konyowa pafupifupi konse.

"Ameneyu ndi oyilo wa magalimoto awiri. Ina ili kuti?"

Che Jafali anayang'ana kumwamba. Ine ndinayang'ana wotchi. Inali 6 koloko.

Mlondayo anati mankhwala ndi moto. Pageti panali mayi wina amene ankakoleza mbaula kuti awotche mbatata zogulitsa. Anakalankhula naye m'Chitumbuka, ndipo mayiyo anabwera atanyamula mbaula yake, nkhope ili yosakondwa.

"Moto wanga sukhala ulova," anandiuza. "Mbatata zipsere komweko."

Choncho tinakankhira mbaula pansi pa injini, pansi penipeni pa sampu pamene oyilo amakhala, mbatata zisanu ndi imodzi zili pamwamba pa makala. Lole yanga imadontha dizilo pang'ono chakumanzere. Ndinatenga ndowa ya mchenga n'kugwada pambali. Ndinaganiza zotsitsa mwala, koma tinali amuna atatu, Che Jafali a msana wovuta, mlonda wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Mwala unakhala pomwepo, pamwamba pa moto.

Tinadikira. Mayiyo ankakwawira pansi kukatembenuza mbatata. Anthu opita kuntchito ankaima, n'kuwerama, n'kugula. Wina anafunsa ngati pali za dizilo ndi za petulo. Dontho limodzi linagwera pamakala, n'kuti phu, ndipo ndinaponya mchenga wodzaza dzanja. Unagwera pa mbatata ziwiri. Ndinazigula. Che Jafali anadya imodzi, mano akuchita nkherenkhere, osadandaula.

7 koloko inakwana tili pomwepo. Foni inalira m'thumba. Sindinayankhe, poti manja onse anali pa ndowa.

Patapita nthawi mlonda anagwira sampu ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kunena kuti basi. Tinachotsa mbaula. Anati tsopano tichepetse oyilo, apo ayi injini ikalira idzalavula paliponse. Pamafunika munthu wogona chagada, womasula nati ya pansi pang'ono, n'kuibwezera oyilo wokwanira akatuluka. Msana wa Che Jafali sulola zimenezo. Mlonda anati iye ntchito yake ndi geti. Ndinavula jekete, ndinayala katoni, n'kulowa.

Nati inakana, kenako inavomera kwambiri. Inatuluka yonse n'kugwera m'beseni. Oyilo wotentha, wakuda, wolemera, anatsikira m'manja mwanga mpaka m'zigongono. Ndinatseka bowo ndi chikhatho chimodzi, china chikufufuza nati m'beseni. Che Jafali ankandilangiza ali chiimire.

"Kumanja, bwana. Ayi, kumanja kwanga."

Ndinaipeza. Nditatuluka, mayi wa mbatata anandipatsa nyuzi yokulungira. Ndinapukuta. Nyuziyo inada, manja anakhala mmene analili. Sopo wa pa resitihausi anangoterera pamwamba. Makaniko uja sananame: phalalo limagwira.

Batire linali litafa, ndiye panafunika kukankha. Mlonda anaitana a kabaza asanu, ndipo mwamwayi msewu wa pamenepo ndi wotsetsereka. Che Jafali anaika giya yachiwiri n'kusiya kilachi. Lole inagwedezeka, ndipo kumbuyo kumene kunali mwala kunamveka gu. Injini inatsokomola kawiri n'kulira. Ku ekizozi kunatuluka utsi wochuluka kuposa umene ndinauonapo chiigulireni. Unaphimba geti, mlonda, mbatata ndi a kabaza onse asanu. Che Jafali anayang'ana pa galasi lam'mbali, ndipo koyamba paulendo wonsewu anamwetulira.

"Alhamdulillah. Alimo."

Ndinakwera kumbuyo n'kuvundukula bulangeti. Mwala unali wamphumphu. Inali 8 koloko itadutsa.

Ekwendeni, Enukweni, Bwengu, Rumphi. Sitinaime paliponse. Waya uja anatsala pa Mzuzu.

Tinafika cha m'ma 11. Ndinauza Che Jafali kuti aime pa bwalo la mpira la sukulu, kutali ndi manda, mphepo ikupita kwina. Anthu anali atakhala pansi pa mitengo kuyambira m'mawa. Ndinamva pambuyo pake kuti kwaya inali itaimba nyimbo zake zonse kawiri. Amuna asanu ndi mmodzi anabwera kudzanyamula mwala. Ine ndinatsatira m'mbuyo, manja nditawatalikitsa ku jekete. Mayi a Tamanda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. A Mhango anayang'ana wotchi yawo nthawi yaitali kuposa imene munthu amafuna kuti adziwe nthawi.

Chiliza chinali chomangidwa kale, chongotsala ndi mpata wa mwala kumutu. Mmisiri anakanda simenti mofulumira, anathira mumpatamo, ndipo anaimika mwala. Atausiya, unayamba kuwerama chambuyo mwaulemu. Anaugwira, n'kuusiyanso. Unaweramanso. Anati pafunika maola angapo, kapena mitengo iwiri yochirikiza.

"Pamanda a mkulu wanga sipakhala mphanda ngati nthochi," anatero a Mhango. "Pali alendo, pali ojambula."

Abusa anati iwo ali ndi ukwati masana, sangadikirenso. Anthu anayang'anana. A Mhango anayang'ana ine.

"Amene waubweretsa ndi amene akudziwa kulemera kwake."

Ndinagwada kumbuyo kwa mwala n'kuugwira ndi manja awiri. Amayi anaphimba mwalawo ndi nsalu yoyera monga mwa mwambo, ndipo nsaluyo inandiphimba ndi ine mpaka m'mapewa. M'katimo munali fungo la simenti, oyilo ndi usipa.

Mwambo unayamba. Chitumbuka ndimamva pang'ono, koma ndinazindikira pemphero, nyimbo, mbiri ya malemu, ndi olankhula asanu, aliyense akuyamba ndi kunena kuti salankhula zambiri. Kenako ulaliki. Abusa a ukwati wa masana aja sanaonetse kufulumira kulikonse. Mikono inatopa. Ndikafewetsa pang'ono, mwala unkabwera. Nyerere zinapeza mwendo wanga wakumanzere ndipo zinakaitana anzawo. Ndinkayang'ana kumbuyo kwa mwala, kopanda chilembo chilichonse, n'kumakumbukira kuti munthu wagona apayu, tsiku limene ndinakadzionetsa koyamba, anandipatsa mpando wake iye n'kukhala pa mtondo.

Nthawi yovundukula itakwana, anakoka nsalu. Anthu anaona dzina la malemu, vesi, ndi pamwamba pake chipumi changa. Palibe anaseka, kupatula mayi mmodzi wa kwaya amene anasandutsa kusekako chifuwa. Achibale anabwera kudzaika nkhata, banja ndi banja. Ena ankandipatsa moni chapansipansi. Ndinkayankha ndi mutu.

Anthu atayamba kupita kukadya, mmisiri anabwera, anakanikiza simenti ndi chala, n'kuikamo timiyala tiwiri m'munsi.

"Siyani pang'onopang'ono, bambo."

Ndinasiya. Mwala unaima. Ine ndi amene ndinalephera kuima, mpaka mmisiri anandikoka.

Kumbuyo kwa mwala kunatsala manja awiri akuda, zala khumi zonse zooneka bwinobwino. Mmisiri anapukuta ndi pepala lonyowa la thumba la simenti, koma manjawo sanachoke. Anati parafini achotsa. A Mhango anapumira m'mwamba n'kuitana munthu kuti akatenge parafini kunyumba.

Apongozi anga aakazi anali atakhala pamphasa pambali pa chiliza mwambo wonse. Anadzuka ndi ndodo yawo, anazungulira kumbuyo, n'kuima akuyang'ana. Ine ndinasendera patali n'kunjuta, monga mkamwini amachitira. Iwo salankhula nane maso ndi maso. Analankhula ndi mwana wawo m'Chitumbuka, mawu ochepa, osakweza.

Mayi a Tamanda anatembenukira kwa ine.

"Akuti parafini asabwere."

Apongozi anawonjezera mawu ena.

"Akuti pamaliro anthu ankafunsa kuti mkamwini wa ku Salima ali kuti. Akuti tsopano wofunsa azizungulira kumbuyo."

Atatero anabwerera kumphasa kwawo.

A Mhango anaima kanthawi akuyang'ana manja a pamwala aja. Kenako anabwera pamene ndinali n'kutambasula dzanja. Ndinawapatsa mkono, monga timachitira manja akakhala akuda. Anaukankhira pambali n'kugwira dzanja lenilenilo, mwamphamvu, nthawi yaitali.

"Mwafika, a mkamwini."

"Ndafika."

Anandisiya, n'kuyang'ana chikhatho chawo. Anali atavala suti yotuwa. Ndinawasiya akuzungulirazungulira pamandapo, dzanja lili m'mwamba, akufunafuna popukutira.